ANA A GARU AKATSEGULA M'MIMBA: KUDZIWA NGATI ZIRI NJOKA

Kwa amfumu, anyakwawa ndi alimi onse a ku Ludzi ndi midzi yozungulira, m'dziko la Mchinji, limene kale linachedwa Fort Manning. Tamverani mau awa, ndipo muwafotokozere anthu anu pabwalo, makamaka iwo amene sadziwa kuwerenga.

CIFUKWA NINJI TINENA ZA GARU?

Kapena wina adzati, Kodi garu nciweto? Sitimudya, sitimkama, sitipita naye kumsika wa pa Kamwendo monga ticita ndi mbuzi. Koma taganizani. Cimanga cikayamba kukhwima, apitikitsa apusi ndi anyani m'munda ndani? Fodya ali m'cigafa ndi mtedza uli m'nkhokwe, auwa ndani mbala ikafika usiku? Fisi akazungulira khola, adzutsa mwini wace ndani? Ndiye garu. Ndipo garu wamkuru ali yense anayamba ali kamwana. M'mera mpoyamba.

M'midzi mwathu garu wamkazi aswa ana ambiri, koma ofika pa msinkhu ali owerengeka. Ambiri afa asanathe miyezi 3, ndipo kawirikawiri imfa yao iyamba ndi kutsegula m'mimba. Mwini wace angoti, "Ziri njoka," nathamangira kukagula mankhwala ali onse amene apeza, kapena nasinja fodya namwetsa kagaruko. Nthawi zina anena zoona, nthawi zina iai. Cifukwa cace tikupemphani kuti muyambe mwayang'anitsitsa musanapereke mankhwala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

KUTSEGULA M'MIMBA SI NTHENDA IMODZI

Mukaona utsi mudziwa kuti pali moto, koma utsiwo sunena ngati uli moto wa pamafuwa kapena moto wolusa kuthengo. Kutsegula m'mimba kuli comweco. Kuonetsa kuti m'matumbo mwabvuta, koma sikuchula cimene cabvutaco. Zoyambitsa zace zazikuru ziri zinai. Coyamba ndico cakudya: mkute wosasa, nyama yobvunda ya kudzala, mkaka wa ng'ombe wocuruka, kapena kuletsa kagaru kuyamwa mwadzidzidzi. Caciwiri ndico njoka za m'mimba. Cacitatu ndico tizirombo tating'onong'ono tosaoneka ndi maso. Cacinai ndico nthenda yoopsa yochedwa parvo. Zonsezi ziri ndi macizidwe osiyana, ndipo mankhwala a cimodzi sathandiza pa cinzace.

NJOKA ZIMENE ZIBVUTA ANA A GARU

Yoyamba ndiyo njoka yaitali yoyera, yonga nyongolotsi, imene madotolo aicha Toxocara. Italika masentimita 10 kapena kupitirira, ndiko kunena kuposa cala ca munthu wamkuru. Codabwitsa cace nci: kagaru kabadwa nayo. Mphutsi zace zigona m'thupi la garu wamkazi nthawi yaitali osambvuta. Garu akhala ndi pakati masiku ngati 63, ndipo pa masabata otsiriza mphutsizo zidzuka nizilowa mwa ana ali m'mimba. Zikatero zipita m'ciwindi ndi m'mapapo a kagaru, nizifika m'matumbo, kumene zikula ndi kudya cakudya cace. Kagaru katakwana masabata 3, njokazo zayamba kale kuikira mazira, ndipo yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira 200,000 tsiku limodzi.

Yaciwiri ndiyo njoka yoyamwa mwazi, imene aicha Ancylostoma. Iri yaing'ono, yosafika masentimita 2, yopyapyala ngati ulusi, ndipo simudzaiona m'ndowe. Iri ndi mano amene iluma nao matumbo, niyamwa mwazi usana ndi usiku. Ikacoka pamalo pamodzi kupita pena, bala lija lipitiriza kukha mwazi. Kagaru kailandira mu mkaka wa amace, kapena mphutsi zace ziboola khungu pogona pa dothi lonyowa. Zikonda nthaka ya mcenga, ya mthunzi ndi cinyezi. Cifukwa cace zicuruka m'dzinja. Njoka imeneyi ndiyo ipha msanga kopambana zinzace.

Yacitatu ndiyo njoka yaphanthiphanthi yonga lamba, ya mfundomfundo. Mfundo zace ziduka nizituruka pamodzi ndi ndowe, zooneka ngati mpunga kapena njere za nkhaka, ndipo zikali zaziwisi ziyenda. Garu aitenga pomeza nthata podzikanda ndi mano. Mitundu yina aitenga pakudya matumbo kapena mutu wosaphika wa mbuzi ndi nkhosa. Njoka iyi siipha kagaru kawirikawiri, koma tidzainenanso kutsogoloku cifukwa ca mbuzi zanu.

Kuwonjeza pa njoka pali tizirombo tiwiri tosaoneka, coccidia ndi Giardia. Coccidia tibvuta kwambiri pamene kagaru kaleka kuyamwa, kapena pamene mwakatenga kwa amace kupita nako kumudzi kwina. Giardia tikhala m'madzi oipa a m'zithaphwi ndi m'madambo. Munthu woyamba kutiona anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland, m'caka ca 1681, poyang'ana m'galasi lokuza zinthu limene anapanga yekha. Tsono ngati anthu anakhala zaka zosawerengeka osationa, musanene kuti, "Sindinaone kanthu m'ndowe, cotero mulibe kanthu."

KUYESA KAGARU PANYUMBA

Tiyambe ndi cenjezo. Kagaru kakasintha makhalidwe, nikalumaluma zinthu ndi anthu popanda cifukwa, nikakha dobvu, kapena kakalumidwa ndi garu wacilendo kapena nkhandwe, musakagwire pakamwa konse. Cikhoza kukhala ciwewe. Katsekereni, nimuitane mlangizi wa ziweto. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, napite kucipatala tsiku lomwelo.

Ngati palibe zotere, yang'anani zinthu zisanu izi, masana poyera, osati m'nyumba mwamdima.

1. Msinkhu wace. Werengani masabata kucokera tsiku limene kanabadwa. Kagaru ka masabata 2 kapena 3 kakafoka, ganizani poyamba za njoka yoyamwa mwazi. Kucokera masabata 3 kufikira miyezi 3 njoka zazitali ziri pa mphamvu. Parvo igwira kwambiri tiagaru ta masabata 6 kufikira miyezi 6.

2. Ndowe zace. Tengani kamtengo nimuzitakase. Onani mtundu wace, pfungo lace, ndi ngati muli mwazi, mamina kapena njoka. Onaninso pansi pa mcira ndi pamalo pamene kagona, ndiponso masanzi ace, pakuti njoka zazitali zituruka m'kamwanso.

3. Nkhama zace. Tukulani mlomo wa pamwamba. Nkhama za kagaru kamoyo ziri zofiirira ndi zonyowa. Sindikizani ndi cala nimucotse: pamalopo payera, koma pabwerera kufiira musanawerenge kufika 2. Zikakhala zotuwa kapena zoyera ngati ufa, mwazi watha m'thupi. Yang'ananinso m'kati mwa cikope ca m'munsi. Ngati mukayika, linganizani ndi kagaru kena kamene kali bwino.

4. Mimba ndi ubweya. Mimba yotupa ngati mphika pamene nthiti ndi msana zionekera, ubweya woimirira wosawala, ndi kusakula, ndizo zizindikiro za njoka zazitali. Patulani ubweya pamimba ndi patsinde la mcira, muone ngati muli nthata.

5. Khungu ndi kudya. Tsinani khungu la pamapewa nimulitaye. Likabwerera msanga, madzi alimo m'thupi. Likaima monga mwalisiya, ndi maso alowa m'kati, madzi atha, ndipo kagaruko kali pangozi. Potsiriza kapatseni cakudya pang'ono, muone ngati kalandira kapena kakana.

TANTHAUZO LA ZIMENE MWAONA

Cizindikiro cimodzi pacokha sicikwanira. Muziphatikize monga acita mlenje poona mapazi, ndowe ndi udzu wogona asananene dzina la nyama.

Kagaru kakadya bwino nikasewera, nkhama ziri zofiirira, ndipo kutsegulako kwayamba katadya cinthu cacilendo, kawirikawiri ciri cakudya cabe, ndipo kudzaleka pa tsiku limodzi kapena awiri.

Mimba ikatupa, kagaru kadya koma sikanenepa, ndowe ziri zofewa ndi mamina, nthawi zina kasanza njoka zoyera, ndizo njoka zazitali.

Ndowe zikakhala zakuda bii ndi zomata ngati phula la pamseu, nkhama zayera, kagaru kagona cigonere kosalimbana ndi anzace pabere, ndiyo njoka yoyamwa mwazi. Kuda kwa ndowezo ndiwo mwazi umene wasanduka m'matumbo. Apa musadikire mawa.

Mukaona tinthu tonga mpunga pansi pa mcira, ndipo garu akhuta matako pansi, iri njoka yaphanthiphanthi, ndipo muyenera kupha nthata zomwe.

Ndowe zamadzi ndi mamina, nthawi zina ndi timadontho ta mwazi wofiira, zoyamba masiku owerengeka kagaru katasamuka kapena kataleka kuyamwa, ziloza ku coccidia. Ndowe zotuwa, zonga za mafuta, zonunkha, zimene zileka nizibweranso sabata ndi sabata, ziloza ku Giardia. Koma pa ziwirizi maso anu sangatsimikize.

Tsono cenjerani ndi ici. Kagaru kamene dzulo kanali kusewera, lero kakana cakudya konse, kasanza kawirikawiri ngakhale madzi omwe, kenaka katurutsa ndowe zamadzi za mwazi za pfungo loipitsitsa, ndipo tinzace tiyamba kugwa motsatana, ganizani za parvo. Nthenda iyi inadziwika poyamba m'caka ca 1978, nifalikira pa dziko lonse m'zaka zowerengeka. Siiri njoka, ndipo mankhwala a njoka saiciza. Ngakhale muone njoka m'masanzi ace musanyengeke, pakuti kagaru kamodzi kakhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Kapatuleni kwa tinzace, nimuitane mlangizi msanga. Kacirombo kace kakhala m'nthaka miyezi yambiri. Coteteza ceniceni ndiye katemera.

KUYESA KWA DOTOLO WA ZIWETO

Safunsa anadya phula. Zimene maso alephera, makina okuza zinthu ochedwa maikulosikopu aona. Kayesedwe kace nkosabvuta kumva. Woyesa asungunula mcere m'madzi kufikira mcere ukana kusungunuka. Asakaniza ndowe pang'ono m'madzimo, nasefa, nadzaza kabotolo kufikira pakamwa, naika kagalasi pamwamba. Madzi a mcere wambiri ali olemera kuposa mazira a njoka. Cifukwa cace mazirawo ayandama namamatira kukagalasi, pamene zinyalala zimira. Patapita mphindi 15 kapena 20 aika kagalasiko pa makina. Njira imeneyi anailongosola dotolo wina dzina lace Willis m'caka ca 1921, ndipo igwirabe nchito. Mtundu uli wonse uli ndi dzira lacelace. La njoka yaitali liri lobulungira ndi cikamba cocindikala; la yoyamwa mwazi liri lotalikirako ndi cikamba copyapyala; za coccidia ziri zazing'ono koposa.

Funsani mlangizi wa ziweto wa kwanu, kapena ku ofesi ya zaulimi pa Boma la Mchinji, kumene mungatumize ndowe. Nyumba yaikuru yoyesera matenda a ziweto iri ku Bwemba, mu Lilongwe. Potenga ndowezo citani motere:

Tengani zatsopano, zimene kagaru kangocita kumene, za pamwamba zosakhudza dothi, pakuti m'dothi muli tinyongolotsi tina timene tisokoneza woyesa.

Zikwanira zocepa, zonga nsonga ya cala cacikuru. Tolani ndi kamtengo, osati ndi manja, nimuike m'kabotolo koyera kotseka bwino.

Sungani pamthunzi pozizira, nimupite nazo tsiku lomwelo. Zikagona pofunda, mazira a njoka yoyamwa mwazi aswa, ndipo woyesa sawapeza.

Muuzeni msinkhu wa kagaru, masiku amene kadwala, cakudya cace, mankhwala amene mwapereka kale, ndi ngati tinzace tadwalanso.

Dziwaninso kuti woyesa akati sanapeze mazira, sikunena kuti njoka palibe. Njoka yoyamwa mwazi iyamba kuyamwa isanayambe kuikira, ndipo pafunika masabata ngati 2 kuti mazira ace aoneke. Kagaru kakang'ono kakhoza kufa nthawi imeneyo isanakwane. Cifukwa cace nkhama zoyera ndi ndowe zakuda zikwanira kuti mlangizi ayambe kuciza. Giardia nato sitituruka masiku onse, ndipo nthawi zina adzakupemphani ndowe za masiku atatu.

ZA MANKHWALA

Mukadziwa mdani, musankha cida comuyenera. Pyrantel ndi fenbendazole apha njoka zazitali ndi zoyamwa mwazi zomwe. Piperazine athandiza pa zazitali zokha. Iye amene ampereka kwa kagaru ka nkhama zoyera wataya ndalama zace ndi kagaru komwe. Njoka yaphanthiphanthi ifuna praziquantel. Coccidia tifuna mankhwala ena, monga a mtundu wa sulfa, amene mlangizi adzakuuzani. Muyeso uyenda ndi kulemera kwa kagaru. Kaikeni m'kathumba nimukakoleke pa sikelo imene muyesera mtedza, musangoyerekeza ndi maso.

Popeza ana a garu ambiri abadwa nazo njoka, nkwabwino kusadikira kuti adwale. Apatseni mankhwala atakwana masabata 2, 4, 6 ndi 8, pamodzi ndi amao. Pambuyo pace kamodzi pamwezi kufikira miyezi 6. Cifukwa ca kubwereza nci: mankhwala apha njoka zimene ziri m'matumbo, koma mphutsi zimene zikali paulendo m'thupi zipulumuka nizifika pambuyo.

Musamwetse kagaru madzi a fodya, parafini, mankhwala a dipi, kapena mankhwala opopera mbeu. Zimenezi zipha kagaru njoka zisanafe. Musakapatse mapiritsi a anthu oletsa kupweteka. Ngati sikasanza, kamwetseni pang'onopang'ono madzi owiritsa a lita imodzi, osakaniza ndi masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Kasungeni pofunda ndi pouma. Koyamwa kapitirize kuyamwa. Kokulirapo kapatseni phala losalala ndi dzira lophika kapena usipa wosinja.

NKHANI IYI IKHUDZA ANA ANU NDI MBUZI ZANU

Asewera ndi tiagaru ndani? Akwawa pabwalo nadya dothi ndani? Ndiwo ana anu ndi adzukulu anu. Mwana akameza mazira a njoka yaitali ya garu, mphutsi zace sizikula mwa iye monga mwa garu, koma zisokera m'thupi, nizipita m'ciwindi, m'mapapo, ndipo nthawi zina m'diso, limene likhoza kucita khungu. Mphutsi za njoka yoyamwa mwazi ziboola khungu la mapazi ndi matako, nizisiya mzera wofiira wokhotakhota woyabwa kwambiri. Mukaona zotere pitani naye mwanayo kucipatala.

Ndipo inu oweta mbuzi mwaonapo mbuzi imene ipendeketsa mutu nizungulirazungulira kufikira kufa. Kawirikawiri mukaswa mutu wace mupeza kathumba ka madzi m'bongo. Kathumbako ndiko mwana wa njoka yaphanthiphanthi ya garu. Garu acita ndowe pa udzu, mbuzi idya udzuwo. Mbuzi ikafa muponyera garu mutu wace wosaphika, ndipo njoka iyambanso.

Koma pali cotonthoza. Mazira a njoka yaitali ndi a yoyamwa mwazi amene aturuka lero sanakhwime. A njoka yaitali afuna masabata 2 kapena kupitirira ali m'nthaka kuti athe kupatsira, ndipo mphutsi za yoyamwa mwazi zifuna masiku ngati 7. Koma akakhwima, a njoka yaitali akhala amoyo m'dothi zaka. Potero iye amene acotsa ndowe tsiku ndi tsiku adula njira ya njoka ndi khasu lokha, osalipira kanthu.

MAU KWA AMFUMU

Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akasesa pakhomo pace pamene agaru a mudzi wonse acita ndowe pomwepo, agwira nchito pacabe. Cifukwa cace tipempha inu eni midzi kuti mupangane ndi anthu anu malamulo awa:

1. Ndowe za garu zicotsedwe pabwalo m'mawa uli wonse, zitayidwe m'cimbudzi kapena zikwiriridwe m'dzenje lakuya. Zisalowe mu manyowa a kudimba.

2. Garu woswa agone pamalo pouma pofika dzuwa, kutali ndi posewera ana. Udzu wogonapo utenthedwe nimuikepo wina.

3. Agaru asamwe pacitsime kapena pamjigo pamene anthu atunga. Apatsidwe madzi oyera m'phale lao.

4. Mitu, matumbo, mapapo ndi ziwindi za ziweto zisapatsidwe kwa garu zosaphika. Za ciweto cofa ndi nthenda zitenthedwe kapena zikwiriridwe.

5. Ana asambe m'manja ndi sopo atasewera ndi garu ndiponso asanadye, ndipo garu asanyambite mbale za anthu.

6. Wobwera ndi kagaru kocokera kwina, kaya kumsika kaya kutsidya kwa malire ku Chipata, akasunge pakokha masabata 2, nakaonetse kwa mlangizi.

7. Eni agaru asonkhe ndalama nagule mankhwala a njoka pamodzi, napereke tsiku limodzi mudzi wonse. Pa nthawi ya katemera wa ciwewe, garu ali yense apite naye.

Garu wanu akaswa, lembani tsikulo pakhoma ndi khala. Sabata iri yonse tukulani mlomo wa kagaru kali konse muone nkhama, nimuyang'ane ndowe musanazikwirire. Mukaona zokayikitsa, tengani kabotolo nimupite kwa mlangizi dzuwa lisanapendeke.